Funsani a Zanyengo: Chigwa Chochuluka Bwanji Lachinayi Usiku?

MUULUTSI:  Yakwana nthawi ya mafunso ndi mayankho a zanyengo, ndipo bambo athu a zanyengo akhala kale pampando. Sabata ino makalata achuluka kuposa masiku onse, ndipo pafupifupi onse akunena chinthu chimodzi: chipale chofewa chimene akuti chikubwera Lachinayi usiku. Takulandirani bambo.

KATSWIRI: Zikomo chemwali. Kukangomveka za chipale, aliyense amakumbukira kuti kuli pulogalamu ino. Mu June makalata timachita kuwerenga ndi zala. Tiyeni tiyambepo.

MUULUTSI: Yoyamba yachokera kwa mnyamata wa pa yunivesite ku Cardiff, wabwera mu September, sanaonepo chipale. Akufunsa kuti, kodi kuti chigwe pamafunika kuzizire mpaka pa ziro?

KATSWIRI: Ayi mwanangu. Chipale chimapangika m'mitambo, kumene kumazizira kwambiri kuposa pansi pano. Nkhani imangokhala yakuti chifika pansi chisanasungunuke kapena ayi. Kuno ku Britain chambiri chimagwa mpweya wapansi uli pakati pa ziro ndi madigiri 2. Ndiponso mvula ikagwa mwamphamvu kwa nthawi ndithu, madontho ena amasanduka nthunzi ali m'njira, ndipo zimenezo zimaziziritsa mpweya. N'chifukwa chake mvula ya 4 koloko imatha kusanduka chipale pofika 6 koloko, mphepo isanasinthe n'komwe. Koma inu a ku Cardiff musathamangire kugula fosholo. Muli m'mphepete mwa nyanja, ndipo namondwe amene akubwerayu akukoka mpweya wofunda kumbuyo kwake. Mwina muona zoyera kwa kanthawi, kenako mvula. Jambulani msanga mutumize kumudzi.

MUULUTSI: Mayi a ku Luton akufunsa ngati sukulu zitsekedwe Lachisanu, kuti adziwiretu kosiya ana.

KATSWIRI: Mayi, amatseka sukulu ndi ahedi, si a zanyengo. Ndipo ahediwo amadikira kuona m'mawa ngati aphunzitsi angafike. Pezeranitu munthu wosiyira ana lero, ngati sakhala wofunika mumuthokoza basi. Ina.

MUULUTSI: Iyi ndi yaitali pang'ono. Yachokera kwa achemwali athu amene amagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo ku Huddersfield. Akuti: "Bambo a zanyengo, ndatopa nanu. Lamlungu foni yanga imati Lachisanu kugwa masentimita 15. Lolemba imati 2. Dzulo imati mvula chabe. Lero asuweni anga anditumizira mapu pa WhatsApp oonetsa masentimita 40 ndi mtundu wofiirira dziko lonse. Ine shifiti yanga imayamba 6 koloko m'mawa, ndimayendetsa galimoto kukwera mapiri kukafika kwa agogo amene sangathe kudzuka okha. Kodi inu mumadziwadi, kapena mumangolota? Ndiuzeni nambala imodzi."

KATSWIRI: Eya. Kalata imeneyi muiike apa, tikhalapo pang'ono.

Achemwali, nambala imodzi sindikupatsani. Ndipo aliyense amene angakupatseni nambala imodzi lero, kudakali masiku, mumuthawe. Ndikufotokozereni chifukwa chake, ndipo ena nonse mumvetsere, chifukwa funso ili limabwera chaka chilichonse, limangosintha tauni.

Kuti munthu anene kuti chipale chifika masentimita angati pakhomo panu, ayenera kulondola zinthu zingapo nthawi imodzi, ndipo akaphonya chimodzi, zonse zagwa. Tiyambe ndi madzi amene mitambo yanyamula. Pa mvula, tikanena mamilimita 10 koma n'kugwa 15, palibe amadandaula. Msewu wanyowa basi. Koma chipale chimakuza kuphonya kulikonse kakhumi, chifukwa mwachizolowezi milimita imodzi ya madzi imapereka sentimita imodzi ya chipale. Mamilimita 5 amene pa mvula simukanawazindikira, pa chipale ndi masentimita 5. Pamenepo ndi pamene basi imayenda kapena kuima.

Ndiye kakhumiko si lamulo ayi. Amene munalimapo thonje ku Balaka kapena ku Chikwawa mukudziwa kuti thonje lomwelo, kulemera komweko, likangothyoledwa limadzaza dengu mpaka kusefukira, koma mukalipondera m'thumba limaoneka lochepa. Chipale n'chimodzimodzi. Kumwamba kukakhala madigiri 12 mpaka 18 pansi pa ziro, kachipale kalikonse kamamera nthambi 6 zotambalala, ndipo tikaunjikana timasiya mpata wa mpweya pakati. Pamenepo milimita imodzi ikhoza kupereka masentimita awiri, nthawi zina kuposerapo. Koma chikagwa chonyowa, mpweya uli pa digiri imodzi pamwamba pa ziro, chimamatana, ndipo milimita yomweyo imapereka theka la sentimita. Katswiri wina wa ku Japan, Ukichiro Nakaya, anapanga chipale m'labotale ku Hokkaido mu 1936, n'kuonetsa kuti maonekedwe a kachipale amadalira kuzizira ndi chinyezi cha kumene kanapangikira. Ndiye taonani: madzi ofanana ndendende, wina apeza masentimita 5, wina 20. Ndipo chathu cha kuno kawirikawiri chimakhala chonyowacho, cholemera, chothyola nthambi ndi mawaya a magetsi.

Koma chimene chimatisowetsa tulo kwenikweni ndi njira ya namondweyo. Pakali pano mpweya wozizira wakhazikika pamwamba pa dziko lino. Namondwe akubwera kuchokera ku Atlantic, kum'mwera chakumadzulo, atanyamula mpweya wofunda ndi wachinyezi. Mpweya wofundawo ukakumana ndi wozizira umakwera pamwamba pake, ndipo pamalire pamenepo, chakumpoto kwake, m'pamene chipale chimagwa. Dera limenelo ndi lopyapyala. Kum'mwera kwake kumagwa mvula. Kumpoto kwake kumangozizira, osagwa kanthu. Namondwe akangodutsa chakumpoto pang'ono, Birmingham inyowa ndi mvula, chipale n'kupita ku Yorkshire. Akadutsa chakum'mwera, inu a ku Huddersfield mudzuka kuli mbee kumwamba, anzanu a ku Midlands akukankha magalimoto. Namondweyo panopa adakali pakati pa nyanja, kumene kulibe masiteshoni ambiri oyezera nyengo. Timadalira masetilaiti, ndege, zombo ndi zida zoyandama. Mabaluni oyezera mpweya wakumwamba amaulutsidwa kawiri pa tsiku ku malo ngati Camborne ku Cornwall ndi Lerwick ku Shetland, koma amenewo amayeza mpweya umene wafika kale pakhomo.

MUULUTSI: Ndiye mukuvomereza kuti mumalota, bambo?

KATSWIRI: Dikirani chemwali, musandiike mawu m'kamwa. Ndikuuzeni za New York.

Kumapeto kwa January 2015, a zanyengo a ku America analengeza kuti mzinda wa New York ulandira chipale choposa theka la mita, mwina kufika masentimita 75 kapena kuposa. Akuluakulu a boma analetsa magalimoto m'misewu. Sitima za pansi pa nthaka anaziimitsa, chinthu chimene chinali chisanachitikepo chifukwa cha chipale. Anthu anakokolola buledi ndi mkaka m'mashopu. Kutacha pa 27 January, ku Central Park anayeza masentimita 25 okha. Anthu anakwiya, manyuzipepala anatukwana, katswiri wina mpaka anapepesa poyera. Koma namondweyo analipo, ndipo anali wamkulu monga mmene ananenera. Anangodutsa makilomita pafupifupi 100 chakum'mawa. Boston inalandira masentimita 62. Worcester, m'boma lomwelo la Massachusetts, masentimita 88. Ngakhale kum'mawa kwa Long Island, kumene munthu wa ku New York amapita pa galimoto n'kubwerako tsiku lomwelo, anthu anakwiririka. Makilomita 100 pa namondwe wotambalala makilomita oposa 1,000 ndi kuphonya kochepa zedi. Koma kwa munthu amene watseka shopu yake tsiku lonse, ndi bodza lamkunkhuniza.

Tsono mverani zimene zinachitika chaka chotsatira. January 2016, namondwe wina. Poyamba zinkaoneka ngati New York ili m'mphepete chabe, chipale chambiri chigwera Washington ndi Baltimore. Anthu ambiri anati, aa, tinamva kale zimenezi chaka chatha. Ku Central Park kunagwa masentimita 70, ochuluka kuposa namondwe wina aliyense m'mbiri ya malowo. Anthu omwewo, a zanyengo omwewo, makompyuta omwewo.

Vuto limeneli silidzatheratu ngakhale makompyuta akule bwanji. Anazindikira zimenezi ndi Edward Lorenz wa ku yunivesite ya MIT, mu 1961. Iye ankayesa masamu a nyengo pa kompyuta yake, ndipo tsiku lina pofuna kubwereza ntchito, m'malo molemba 0.506127 anangolemba 0.506, poganiza kuti zotsalazo n'zopanda ntchito. Atabwerako anapeza nyengo ya m'kompyutamo yapatukiratu, yosafanananso ndi yoyamba ija. Kusiyana kochepetsetsa koyambira kumakula tsiku ndi tsiku. Ndipo palibe amene angayeze mpweya wa dziko lonse lapansi popanda kuphonya pang'ono.

Ndiye a zanyengo anachita chiyani? Kuyambira mu 1992 anayamba kuyendetsa masamuwo kambirimbiri m'malo mwa kamodzi. Bungwe la mayiko a ku Ulaya la ECMWF, limene likulu lake lili ku Reading konkuno, limayendetsa modelo yake, masamu a nyengo aja, ka 51, ulendo uliwonse atasintha pang'ono poyambira. A Met Office ku Exeter ali ndi yawo, Amereka ali ndi yawo. Ngati maulendo pafupifupi onse akuika chipale pa Yorkshire, timalankhula molimba mtima. Ngati theka likuika pa Yorkshire, theka pa Midlands, ena atatu akuti mvula yokhayokha, ndiye timati "pakati pa chakuti ndi chakuti," ndipo inu mumati tikuzemba. Sitikuzemba ayi. "Pakati pa chakuti ndi chakuti" ndiye yankho lenilenilo.

Tsono ndifike pa mapu a asuweni anu aja.

MUULUTSI: Ndimadziwa kuti tifikapo.

KATSWIRI: Tifikepo ndithu, chifukwa ndatopa nawo. Abale anga, mapu ofiirira amene mumatumizirana m'magulu a WhatsApp, a tchalitchi, a chipereganyu, a anthu a kumudzi kumodzi, ambiri mwa iwo si zolosera za munthu. Wina amapita pa intaneti, amasankha ulendo umodzi wa modelo imodzi, umene ukuonetsa chipale chochuluka kuposa ena onse, kawirikawiri wa masiku 10 kutsogolo, n'kuujambula. Amadula pakona pamene pali deti. Ena amatenga mapu a 2018 n'kuwatumizanso. Manyuzipepala ena nawonso, mukuwadziwa, chaka chilichonse kuyambira October amalemba kuti kuzizira koopsa kumene amakutcha chilombo cha kum'mawa kukubweranso. Iwo akufuna mudine, basi. Ndipo mapu ambiri oterowo amawerenga chilichonse chogwa ngati chipale chokhazikika, pogwiritsa ntchito kakhumi kaja, osalabadira kuti china chisungunuka chikangokhudza phula. Musanatumize mapu, yang'anani zinthu ziwiri: walemba ndani, ndipo ndi a tsiku liti. Ngati palibe, fufutani. Musamaope kufunsa asuweni anu kuti mwazitenga kuti. Safunsa anadya phula.

Foni yanu nayo, achemwali, sikuti ikunama mwadala. Ma apu ambiri amangotenga nambala kuchokera ku modelo imodzi, pa kadontho kamodzi ka mapu, popanda munthu kuiyang'ana. Modelo ikayendetsedwanso pakatha maola 6 kapena 12, nambala isintha. Zimene munaona Lamlungu, Lolemba ndi dzulo, 15, 2, mvula, ndi umboni woti muli pamalire penipeni. Foniyo yakuuzani zoona katatu, koma sinathe kukuuzani kuti zitatu zonsezo n'zotheka.

Ndipo kadontho kamodzi ka "Huddersfield" sikakuthandizani inu, chifukwa simugwira ntchito pamalo amodzi. Mwanena nokha kuti mumakwera mapiri. Aliyense amene anakwerapo ku Chawe kuchokera mu tauni ya Zomba amadziwa kuti juzi imafunika pamwamba. Mpweya umazizira pafupifupi madigiri 6 ndi theka pa kilomita iliyonse yokwera. Tauni yanu ili m'chigwa. Msewu wa M62, pamene wakwera kwambiri pakati pa inu ndi Manchester, uli pa mamita 372, ndipo palibe motorway ina ku England yokwera kuposa pamenepo. Kusiyana kwake ndi pafupifupi madigiri 2. Pa tsiku ngati Lachisanu likubwerali, madigiri 2 amenewo ndiwo malire a mvula ndi chipale. Mukhoza kutuluka pakhomo kukugwa mvula, n'kunena kuti a zanyengo anamanso, patangotha mphindi 10 matayala akuzungulira pamodzimodzi. Usiku wa pa 9 March 2023 anthu anagona m'magalimoto pa M62 pomwepo. Pa 28 February 2018 ku Scotland, magalimoto pafupifupi 1,000 anatsekeredwa usiku wonse pa M80, pakati pa Glasgow ndi Stirling, chenjezo lofiira litaperekedwa kale masana. N'chifukwa chake mukamawerenga chenjezo la Met Office, musamathamangire nambala yaikulu. Werengani pamene akuti "pamwamba pa mamita 200," kenako mufufuze kuti nyumba za agogo anu zili pa mamita angati. Zimenezo zimapezeka pa mapu a pa foni yomweyo.

MUULUTSI: Bambo, makalata adakalipo ambiri.

KATSWIRI: Ndikumaliza. Za mitundu ya machenjezo, chifukwa apanso anthu athu amasokoneza. Mumaganiza kuti chikasu ndiye kuti zazing'ono. Ayi. Mtundu umachokera pa zinthu ziwiri: kuopsa kwa chimene chingachitike, ndi mwayi woti chichitikadi. Chenjezo lachikasu likhoza kutanthauza chipale chochepa chimene tikutsimikiza, kapena chipale choopsa chimene sitinatsimikize. Lachikasu la lero likhoza kusanduka la amber, lokwererapo, mawa, namondwe akayandikira. Ndiye muliwerenge lonse, mpaka pansi, ndipo muliwerengenso Lachinayi masana.

Ndipo inu nonse a ntchito ya m'makomo, anamwino, oyendetsa mabasi, a mashifiti a usiku m'mawarehouse, ndimanena izi chaka chilichonse. Ife anthu akuda a kumudzi tili ndi matenda oopa kuoneka aulesi. Timaopa kuimbira bwana. Timati ndingolimba mtima, Mulungu alipo. Alipodi, koma anakupatsaninso foni. Imbani ku ofesi lero, osati Lachisanu 5 koloko m'mawa. Funsani kuti chipale chikatseka misewu, ndi agogo ati amene ayenera kufikiridwa zivute zitani, a mankhwala a shuga ndi ena otero, ndipo ndani ali ndi galimoto yokwera mapiri. Malo osamalira anthu amayenera kukhala ndi dongosolo la nyengo yoipa. Kufunsa si ulesi. Thirani mafuta thanki idzaze. M'galimoto muikemo bulangeti, madzi, chakudya, tochi, chotchajira foni ndi nsapato zenizeni, osati zoterera za ku ofesi zija. Pa ayezi galimoto ikhoza kufuna mtunda wochuluka kakhumi kuti iime, zili m'buku la malamulo a pamsewu limene munawerenga polemba mayeso. Nyamukani ndi giya yachiwiri, mabuleki pang'onopang'ono.

Ndiye achemwali a ku Huddersfield, yankho langa ndi ili. M'tauni, konzekerani chilichonse kuyambira matope oterera mpaka masentimita angapo. Kumapiri, konzekerani ngati misewu ina itsekeka. Mawa madzulo mpata umenewu uchepa, chifukwa namondwe adzakhala atafika pamene tingamuyeze bwino.

MUULUTSI: Zikomo bambo. Tipite ku South Africa. Achimwene oyendetsa thiraki pakati pa Durban ndi Johannesburg akuti: "Kuno panopa n'kotentha, koma sindidzaiwala zimene zinachitika pa msewu wa N3 mu 2024. Kodi zimenezija zinali zodziwika kale?"

KATSWIRI: Zinali zodziwika achimwene. A South African Weather Service anachenjeza kusanachitike. Pa 20 ndi 21 September 2024, chipale chinatseka N3 cha ku Van Reenen ndi Harrismith, magalimoto, mabasi ndi mathiraki anagona pamsewu, ndipo panatayika miyoyo chifukwa cha kuzizira. Chimene chinapusitsa anthu ndi kalendala. September kumeneko ndi nthawi yoti kwayamba kufunda, ambiri ananyamuka atavala malaya okha. Chimabweretsa zimenezo ndi chigawo cha mpweya wozizira kwambiri chimene chimaduka kumwamba n'kumazungulira pachokha, amachitcha cut-off low, ndipo chimavuta kulosera chifukwa chimayenda mwaulesi, mosatsata njira. Van Reenen ili pa mamita pafupifupi 1,700. Ku Durban kukhoza kumagwa mvula wamba, pamwambapo kuli zina. Nkhani yake ndi yomwe ija ya M62, kungoti phiri ndi lalitali. Kumeneko machenjezo amawerenga kuyambira 1 mpaka 10. Mukamva 5 kupita m'mwamba pa njira yanu, imani pa thiraki sitopu, katunduyo sawola. Ndipo a ku Joni musamati kwathu sichigwa. Chinagwa pa 10 July 2023, chinagwanso mu August 2012.

MUULUTSI: Bambo ena a ku Hull akudandaula kuti chaka china anzawo a tauni yoyandikana anatumiza zithunzi ana akusewera m'chipale chofika m'mawondo, pamene kwawo kunalibe ngakhale chodzaza supuni. Akuti kodi pamenepo a zanyengo analondola kapena anaphonya?

KATSWIRI: Analondola kwa anzanuwo, anaphonya kwa inu. Chimenecho ndi chipale cha mtundu wina, chosiyana ndi cha Lachinayi. Mphepo yozizira ikamachokera kum'mawa kapena kumpoto, imadutsa pa nyanja ya North Sea, imene madzi ake amakhala ofundirapo kuposa mpweyawo. Imatola chinyezi, mitambo n'kufola m'mizere yopyapyala yolunjika kumtunda. Mzere ukaima pa tauni yanu maola 6, mwakwiririka. Oyandikana nanu akuona dzuwa. Ku Buffalo, m'mphepete mwa nyanja ya Erie ku America, mu November 2014, madera a kum'mwera kwa mzindawo analandira chipale choposa mita imodzi ndi theka, pamene makilomita ochepa chakumpoto kunali masentimita owerengeka. Pa chipale chotere tingakuuzeni chigawo, koma mudzi weniweni umadziwika pa rada, maola ochepa chisanagwe.

MUULUTSI: Mtsikana wa zaka 9 ku Leicester, kudzera mwa mayi ake, akufunsa mmene angayezere chipale cha pakhomo pawo.

KATSWIRI: Funso labwino kuposa la akuluakulu ambiri. Mwanangu, tenga thabwa loyera, uliike pabwalo poyera, kutali ndi khoma ndi mitengo. Usayeze pa udzu, udzu umanyamula chipale m'mwamba n'kukunamiza. Imika rula mowongoka, uwerenge. Ngati kunali mphepo, yeza malo angapo, uphatikize, ugawe. Mphepo imasesa pena n'kuunjika pena. Mu November 2021, pa namondwe Arwen, anthu pafupifupi 60 anatsekeredwa mausiku atatu m'malo omwera a Tan Hill Inn ku Yorkshire Dales, pa mamita 528, makamaka chifukwa cha milu imene mphepo inaunjika ndi mawaya amene anagwera pamsewu. Ukamaliza, dzaza chipale m'kapu osapondereza, uchisiye chisungunuke, uone madzi otsala. Utilembere zimene wapeza.

MUULUTSI: Iyi ilibe dzina la tauni. Akuti magetsi ndi gasi zakwera mtengo, ndiye magetsi akazima Lachinayi akuganiza zolowetsa mbaula ya braai m'nyumba kuti ana afunde.

KATSWIRI: Ayi. Ayi, ayi. Chemwali, kodi sabata yatha sindinanene? Ndi sabata inayo? Makala m'nyumba amapha. Utsi umene umaphawo suoneka, sununkha. Umayamba ndi mutu, chizungulire, tulo, ndipo banja lonse limagona osadzukanso. Kumudzi ena amapulumuka chifukwa mphepo imalowa padenga ndi pansi pa chitseko, ndipo ngakhale kumeneko tinaika maliro a mbaula ambiri mu June ndi July. Nyumba za kuno n'zomatidwa paliponse. Mbaula ngakhale yaoneka ngati yazima imatulutsabe mpweya woipawo. Jenereta chimodzimodzi, panja, kutali ndi zenera. Uvuni wa gasi si wowothera. Gulani alamu ya carbon monoxide, mpweya woipawo. Kuno ku Britain magetsi akazima imbani 105, ndi yaulere. Sonkhanani m'chipinda chimodzi, valani zovala zingapo zopyapyala m'malo mwa chimodzi chokhuthala, ana avale zipewa. Ngati vuto ndi ndalama, kakambeni ndi khonsolo yanu kapena kampani ya magetsi, ndipo makhonsolo ambiri amatsegula malo ofunda masana. Manyazi asakuphetseni. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndidzatsinabe sabata yamawa.

MUULUTSI: Tatsala ndi mphindi imodzi. Bambo a ku Aberdeen: kodi ndithire madzi otentha pagalasi la galimoto ndi pamasitepe?

KATSWIRI: Pagalasi, lisweka. Palani ndi chopalira, ndipo muchotse chipale cha padenga la galimoto musananyamuke, chimatsetserekera kutsogolo mukaponda mabuleki. Pamasitepe, madziwo aundana, muthyola mwendo wa apositi. Kololani chipale chikadali chatsopano, kenako wazani mchere kapena mchenga. Kukazizira kwambiri, cha m'ma 8 pansi pa ziro, mchere umafooka, mchenga ndiye umathandiza. Ndipo ngati muli ndi BP kapena vuto la mtima, fosholoyo mupatse mnyamata.

MUULUTSI: Nthawi yatithera. Makalata a ku Coventry, Belfast ndi Cape Town tiwawerenga sabata yamawa.

KATSWIRI: A ku Huddersfield atilembere kuti kunagwa masentimita angati, m'tauni ndi kuphiri, manambala awiri.